Tsamba Lakuda la Bambo Mbewe

Anthu akandifunsa kuti ku Harare ndinkagwira ntchito yanji, ndimangoti ndinali wopenta. Ndikanena zoona zake amayamba kuyasamula ndisanafike ndi pakati pomwe. Komanso si bodza lenileni, chifukwa zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko ndinkangosintha mitundu, choyera chikhale chakuda, chakuda chikhale choyera. Kungoti penti wangayo sankadetsa malaya.

Ndinachoka ku Balaka ndili ndi pepala la zamakompyuta limene linali litagona m'sutikesi zaka zitatu osandigulirako ngakhale mchere. Mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi ndiye anandiuza kuti kampani ina yaing'ono ya ku Harare, cha ku Lochinvar, ikufuna munthu wodziwa kupanga masamba a pa intaneti. Mkazi wanga anali ndi mwana kumsana, wosayamba n'kuyenda komwe. Pa siteji sanalire ayi. Anangondikonza kolala ya shati n'kunena kuti, "Pa Khirisimasi tidzakhala tikuyang'ana kumsewu." Ine ndinavomera ndi mtima wonse. Basi inadutsa pa Mwanza, n'kuwoloka Zambezi pa Tete dzuwa likuswa mtengo, ndipo pofika pa Nyamapanda mbatata zimene anandiphikira zinali zitatha. Mnzanga uja ndinamupeza akumanga katundu. Patatha sabata ziwiri anatsikira ku Joni, n'kundisiya mumzinda umene ndinalibe womudziwa ngakhale mmodzi.

Pogona anandilozera ndi mayi wina wa ku Tete amene ankagulitsa tomato pa msika wa Machipisa, ku dera la Highfield. Anandimva ndikudandaula ndekha m'Chichewa, minibasi, imene kumeneko amati kombi, itanditsitsa polakwika.

"Inu ndinu a kwathu konkuja," anatero mayiwo. "Pitani msewu wachitatu, nyumba ya mpanda wa mabulosi. Kuli mkulu wa ku Malawi, akufuna munthu wolowa chipinda chakuseri."

Mkuluyo anali bambo Jailosi Mbewe, munthu wamtali, wowonda, wa tsitsi loyera mbuu. Anagwira ntchito moyo wake wonse pa fakitale ina ya mabulangete ku Southerton mpaka kupuma. Mkazi wawo, Mshona, anali atamwalira kale. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Rudo, anakwatiwa ku Kuwadzana, ndipo Chichewa ankangomva, poyankha n'Chishona. Nditagogoda pageti, bamboyo anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Kwanu n'kuti, mwanawe?"

"Ku Balaka, bambo."

"Balaka! Sitima imaimabe pamenepo?"

Ndinayamba kufotokoza za sitimayo, koma ndinaona kuti nkhani ya sitima analibe nayo ntchito. Anali atatseka maso.

"Tanenanso," anatero. "Chilichonse, ngakhale kutukwana. Ndimve chabe."

Chipinda anandipatsa tsiku lomwelo, osafunsa kuti ndimamwa kapena ndimapemphera kuti.

Ofesi yathu inali pamwamba pa nyumba yosungiramo matayala, moti fungo la labala ndinkapita nalo kunyumba m'malaya. Tinalipo asanu ndi mmodzi. Anzangawo sanali anthu oipa, koma Chingerezi ankachilankhula pa ntchito pokha. Nthabwala zonse zinali m'Chishona, ndipo ine ndinkaseka mochedwa, ena atamaliza kale. Dzina langa sanavutike nalo, ankangoti Achimwene. Masana iwo ankatsika kukadya limodzi sadza, nsima ya kumeneko, ine ndinkatsala ndi buledi wanga pawindo n'kumaonerera malole akubwerera chambuyo.

Masiku amenewo kasitomala aliyense ankafuna kuti tsamba lake likhale ndi maonekedwe awiri, owala ndi akuda. Akudawo kuntchito ankati daki modi. Inali ntchito yotopetsa, ndiye paja zotopetsa amapatsa mlendo. Masamba akale mitundu yake inali yomwazika paliponse, wina analemba choyera apa, wina chotuwa apo, ngati nyumba imene mlendi aliyense anapentako khoma lake. Ine ndinkaitolera yonse pamalo amodzi n'kuipatsa mayina molingana ndi ntchito yake: wa pansi, wa zilembo, wa mizere, wa mabatani. Kenako ndinkalemba mindandanda iwiri, wina wowala, wina wakuda. Tsamba likamatseguka limayamba lafunsa foni kuti mwini wake anasankha ziti, ndiye limavala zomwezo. Pakona tinkaikapo kabatani kokhala ndi dzuwa ndi mwezi, kuti munthu asinthe yekha akafuna.

Kunena n'kosavuta, koma mdima uli ndi mwambo wake. Ukaika zilembo zoyera mbee pa chakuda bii, maso a munthu amawawa asanamalize ndime, ndiye umafunika chakuda chofatsa ngati makala ozima. Mithunzi imene imakongoletsa tsamba loyera imasowa. Chizindikiro cha sukulu ina chinatuluka ndi bokosi loyera kumbuyo kwake ngati bandeji pamphumi. Choipitsitsa chinali kung'anima kuja, tsamba kuyamba layera kaye kamphindi lisanade, mpaka munthu kuphethira. Abwana athu, mayi wina wamfupi wosakonda kuseka, anali ndi lamulo limodzi lokha limene ankalibwereza tsiku ndi tsiku: tsamba lililonse ulione kawiri, powala ndi pakuda, usanalitulutse. Pakutha pa chaka ndinali katswiri wa zimenezi, ndipo ndisaname, ndinayamba kudzimva.

Khirisimasi yoyamba sindinapite. Ntchito inali itachuluka, ndinati ndipita pa Pasaka. Pa Pasaka ndinaona kuti ndalama ya basi ingachite bwino kugula malata. Kunyumba ndinkatumiza mwezi uliwonse osaphonya, ndipo ndinkadzitonthoza nazo kuti ndine bambo wabwino. Koma mafoni athu anayamba kufupika. Mkazi wanga ankandiuza za anthu amene sindinkawadziwa, ine ndinkamuuza za kombi ndi kuzima kwa magetsi, kenako n'kutsanzikana. Mwana anaphunzira kulankhula ine kulibe. Mayi ake anandiuza kuti mwanayo akaona foni iliyonse amailoza n'kumati adadi. Iwo ankaseka, koma ine zinandipweteka, ndipo ndinalibe womuuza.

Lamulungu ndiye linkandivuta koposa. Highfield yense amakhala ndi kopita, ena kutchalitchi ndi mayunifolomu awo, ena kumpira, ena kwa azilamu awo. Ine ndinkachapa zovala zoyerayera kuti tsiku lithe. Bambo Mbewe anaona zimenezi, ndipo anayamba kunditenga ku misonkhano ya sosaite yawo ya maliro. Anali madala ndi amayi a ku Malawi, ena a ku Tete, ovala majekete akuda ofanana, okumana kuseri kwa holo ya tchalitchi kamodzi pa mwezi. Mwambi wawo unali umodzi, wakuti maliro n'kulirana, poti kumeneko munthu ulibe mudzi wokuika. Atamva ntchito yanga anandipempha kuti ndiwapangire tsamba lolengezerapo misonkhano ndi zovuta, popeza ana awo anabalalikira ku Joni ndi kutsidya kwa nyanja. Ndinawapangira losavuta, loyera, la zilembo zikuluzikulu, pamwamba pake dzina la sosaite.

Tsiku lina tikuchokera kumsonkhanoko, bambo Mbewe anaima pakati pa njira.

"Kodi chinthu chakocho chimafika ku Dedza?"

"Chimafika kulikonse kumene kuli foni, bambo."

"Ngakhale kuseri kwa Linthipe?"

M'pamene anandiuza za mlongo wawo Eneresi. Pamene iwo ankachoka kwawo anali mnyamata, ndipo Eneresi anali kamtsikana. Ndiye amene anawasenzera kamtolo ka zovala mpaka pamsewu. Zaka zoyamba ankalemba makalata. Kenako anakwatira, makalata anayamba kutalikirana. Itabwera kalata yakuti mayi awo amwalira, sanapite, ndipo manyazi a kusapitako anawaletsa kuyankha. Manyaziwo anabala manyazi ena, mpaka zaka zinapitirira makumi asanu.

"Ine ndiye ndinali mwini mbumba," anatero. "Ana a mlongo wanga ndinayenera kuwaimira ine pa maukwati awo. Koma ndinatchona. Utchona suyamba ndi zaka, mwanawe. Umayamba ndi mawu akuti ndipita mwezi wa mawa."

Ndinayang'ana kumbali ngati sindinamve.

"Sindikufuna munda, sindikufuna kanthu. Ndikufuna ndimve mawu ake ngati ali moyo, ndimuuze kuti pepa. Ndisafe ngati galu wosochera."

Tinawonjezera tsamba lawolawo pansi pa la sosaite. Pojambulitsa anakakamira kuvala jekete lakuda lija, chifukwa ndilo linali labwino pa zovala zawo zonse, chipewa atachigwira pachifuwa. Mawu ananena okha, ine ndinkangolemba: "Jailosi Mbewe, wa ku Dedza, kuseri kwa Linthipe, mlongo wake wa Eneresi Nambewe. Anachoka kwawo ali mnyamata ndipo sanabwerereko. Achibale aimbe nambala iyi." Nambala tinaika yanga, poti foni yawo inali ya mabatani ndipo khutu limodzi linali litayamba kugontha. Ndinalitumiza m'magulu onse a pa foni amene ndinawapeza, a anthu a ku Dedza, a mipingo, a aphunzitsi, a ogulitsa mbatata ya kachewere.

Kuyambira pamenepo ndikamabwera kuntchito ndinkawapeza pageti.

"Yalira?"

"Sinalire, bambo."

"Zvakanaka," ankatero m'Chishona, kutanthauza kuti chabwino. "Mawa."

Zinatero mwezi wathunthu, kenako wachiwiri, wachitatu. Ndinayamba kutsika kombi patali kuti ndichedwe kufika pagetipo. Kenako anasiya kufunsa, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa funso lija. Miyendo yawo inayamba kutupa. Rudo ankabwera Loweruka lililonse ndi mankhwala ndi zipatso, ndipo tsiku lina anandikokera pambali n'kundiuza m'Chingerezi kuti ndisiye kuwapatsa bambo ake chiyembekezo cha anthu amene mwina anafa kalekale.

Cholakwa changa ndinachichita Loweruka lina masana, ndipo palibe anandituma. Ndinalibe kopita, zochapa zinali zitatha, ndiye ndinati bwanji tsamba la madala aja nalonso ndilipatse maonekedwe akuda, lifanane ndi a makampani. Kunali kudzionetsera basi. Ndinasankha chakuda chofatsa chija, mitu ya nkhani ndinaipatsa mtundu wagolide chifukwa golide amakhala bwino pakuda. Kabatani ka dzuwa ndi mwezi sindinaikepo, poganiza kuti kangowasokoneza okalamba, tsamba lizingotsatira foni. Ndinatsegula tsamba la misonkhano pakuda, linali lokongola zedi. La bambo Mbewe ndinangoliona pa foni yanga, imene inkakhala yowala nthawi zonse. Lamulo la abwana lija ndinalisiya ku Lochinvar. Ndipo poti ntchito inandisangalatsa, ndinalitumizanso m'magulu onse aja.

Mawa lake, Lamulungu, dzuwa litapendeka pang'ono, tinali pakhonde. Bambo Mbewe anaviika mapazi m'beseni la madzi ofunda uku akusenda mtedza. Foni yanga inalira, nambala ya ku Malawi, yachilendo.

"Halo, ndikulankhula ndi a sosaite?" Anali mawu a bambo wamkulu ndithu. "Ine ndine Lemani, mwana wa mayi Eneresi, kuno ku Dedza. Tamva za zovutazo. Timati tidziwe, thupi la amalume lili kuti, nanga mwambo uchitika liti?"

Kumbuyo kwake kunkamveka amayi akubuma maliro. Ndinayang'ana thupi limene ankalifunsalo. Linali likuponya mtedza m'kamwa.

"Wakuuzani ndani kuti amwalira?"

"Taona pa foni. Chithunzi chawo chili pakuda, dzina lawo ndi zilembo zagolide, pamwamba alemba kuti sosaite ya maliro. Ndiye akuti achibale aimbe."

Nthawi yomweyo ndinazindikira chimene chinachitika. Lemani ankapalasa kabaza, ndipo foni yake, monga anandiuza pambuyo pake, ankaisunga pakuda kuti batire lizichedwa kutha, poti kotchajitsa n'kutali. Tsamba langa linafunsa foni yake, foni inati mwini wanga amakonda zakuda, ndipo tsamba linavala zakuda monga ndinaliphunzitsira. Koma kwathu chithunzi cha munthu wovala jekete, pakuda, ndi zilembo zagolide, chimanena chinthu chimodzi chokha. Panangosowa kandulo. Ine mwana wa ku Malawi, amene ndaona zidziwitso zotere zosawerengeka, ndinaona mitundu yogwirizana bwino osaona maliro.

"Ndani?" anafunsa bambo Mbewe.

Ndinatseka foni ndi dzanja. "Ndi kwanu, bambo. Koma pali cholakwika. Akuganiza kuti mwamwalira."

"Kweza ndimve."

Ndinakweza mawu a foni n'kuiika patebulo. Pakati pa kulira konseko panali mawu amodzi okalamba, osasa, okwera pamwamba pa ena onse. "Achimwene anga ine! Mwafera kutchire ngati mulibe kwanu! Mayo ine, ndatsala ndekha!"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze Lemani zoona, koma bambo Mbewe anandigwira dzanja mwamphamvu.

"Dikira kaye," ananong'ona. "Ndi iyeyo."

Anamvetsera maliro awo omwe, mapazi ali m'beseni, makoko a mtedza ali pamiyendo. Misozi inkatsika m'makwinya mpaka pachibwano. Lemani ankangoti halo, halo. Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji, koma kwa ine zinatalika, chifukwa ndinkadziwa kuti mayi wokalamba akulira chifukwa cha matama anga. Kenako bambo Mbewe anaweramira pafoni paja.

"Eneresi. Ndine Jailosi. Sindinafe."

Tinamva kukuwa, china chake chinagwa, foni inaduka. Inaliranso patapita kanthawi. Lemani ankalankhula mwachibwibwi, ndipo ine ndinafotokoza zonse, kuti ndine wopanga tsambalo, kuti kuda kuja kunachokera mufoni mwake momwemo, kuti amalume ake ali pano akupuma. Sindikhulupirira kuti anamvetsa, koma anapereka foni kwa mayi ake. Kulira kunali kutaleka. Mawu aja tsopano anali ouma.

"Ngati ndinudi achimwene, munandilonjeza chiyani pamsewu tsiku lija?"

"Duku lachikasu ndi nsapato."

"Zili kuti?"

Bambo Mbewe anangoti, "Pepa, mlongo wanga. Pepa."

"Chikalata chanu choyamba chija tinachiona," anatero mayiwo. "Choyera chija. Lemani anandiwerengera chimanga chisanache. Ndinamuletsa kuimba. Ndinati wamoyo ali ndi miyendo, njira akuidziwa. Amayi anafa akuyang'ana kumsewu, inu osabwera. Ndiye lero mwandiliritsa pamaso pa mudzi wonse, anthu asonkha kale ufa ndi nkhuni. Mumve bwino, achimwene. Misozi yanu yatha lero. Tsiku lenilenilo musadzayembekezere ina."

"Ndamva," anayankha. "Imeneyi yandikwanira. Anzanga onse sanaimve yawo."

Kumbali inayo kunamveka kaphokoso kamene sindinadziwe ngati kanali kuseka kapena kutsokomola. Kenako anayamba kufunsana za anthu, uje ali moyo, uje anapita, mtengo wa mango wa kuseri kwa khola unagwa liti, mpaka batire la Lemani linatha.

Rudo atamva anabwera Lolemba lomwelo ali moto. Anandikalipira m'zilankhulo ziwiri, ndipo mawu amene ndinawatola bwino anali akuti ndawachitira malodza bambo ake. Madala a sosaite anandiitanitsa, n'kundikhazika pakati, n'kundiuza kuti munthu wamoyo saikidwa pansalu yakuda ngakhale pamasewera. Ndinapepesa, ndipo ndinayeneradi kupepesa. Ndinakonza zonse. Kabatani ka dzuwa ndi mwezi ndinakaika, ndipo tsamba la bambo Mbewe ndinalikhomerera kuti lizikhala loyera, foni inene zimene inganene. Mwini wake yekha ndiye sanandikwiyire. Mlendo aliyense wobwera pakhomo ankamulozera ine.

"Mukumuona uyu? Ndi amene anandipha. Miyezi yonse ija ndili moyo, foni zii. Tsiku limodzi lokha ndili wakufa, abale mbwee. Chibale n'fupa, mwanawe, sichiola, kungoti china chimafuna kuchikumba."

Kuyambira pamenepo Lamulungu linapeza ntchito. Lemani ankatchajitsa foni Loweruka, ndipo tikachoka kutchalitchi ndinkaiika yanga patebulo n'kupita kukakhala kuseri. Ndinkawamva akukangana za malire a dimba limene linakokoloka kalekale, akuimba nyimbo za kusukulu ya mishoni, nthawi zina mayi Eneresi akuwakalipira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, iwo akungoti eya, eya, nkhope ili mwee. Ndinkasangalala nawo, koma ndinkachitanso nsanje. Foni inali yanga, koma ine ndinalibe munthu wolankhula naye ola lathunthu.

Bambo Mbewe anafunitsitsa kupita kwawo. Vuto linali mapepala. Chitupa chawo cha ku Zimbabwe chinkati ndi mlendo, ndipo ku Malawi kunalibe pepala lililonse losonyeza kuti anabadwirako. Ine ndi Rudo, amene tsopano tinkalankhulana, tinayenda nawo m'maofesi, kuima pamizere ndi miyendo yotupa ija, uku akuti bweretsani kalata yakumudzi, uku akuti bwerani mwezi wa mawa. Iwo sanataye mtima. Tsiku lina ananditenga pa Machipisa, tinayenda pang'onopang'ono sitolo ndi sitolo mpaka anapeza duku lachikasu limene linawakhutiritsa. Za nsapato anachita kufunsa saizi kwa Lemani mwachinsinsi. Anazikulunga m'pepala la khaki n'kuziika pamwamba pa wadiropu.

Nyengo yozizira itafika anagona osadzukanso bwino. Madzulo ena ndikuwapatsa tiyi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wako ali ndi zaka zingati tsopano?"

"Zinayi, bambo."

"Ine ndilibe pasipoti. Iwe uli nayo m'sutikesi. Ukudikira chiyani, kuti nawenso akuike pakuda?"

Anamwalira patatha sabata ziwiri, mapepala asanatuluke. A sosaite anandipempha kuti ndilembe chidziwitso, ndipo ulendo uno ndinachiika pakuda mwadala, ndi kandulo yomwe, pa tsamba lina lapadera. Loyera lija sindinalikhudze. Ndisanatulutse chilichonse ndinayamba ndaimbira Lemani kuti amve ndi pakamwa panga. Iye anafunsa mwaulemu ndithu kuti, "Pepani achimwene, koma ulendo uno mwaonetsetsa?" Tinawaika ku Harare konko, madala a majekete akuda atazungulira manda, nyimbo zikusinthana Chichewa ndi Chishona. Pobwera kumanda Rudo anatsitsa phukusi la khaki lija n'kundipatsa.

Mwezi wotsatira ndinatsanzika kuntchito. Abwana aja anandigwira chanza nanena kuti ndikhoza kumawagwirira zina ndili kwathu, ndipo aka kanali koyamba kuwaona akumwetulira. Ku Balaka ndinapeza nyumba ya malata imene ndinkaidziwa pa zithunzi zokha. Mkazi wanga anali atatsegula kaokala pakhomo, ali ndi makasitomala ake, anzake ake, nthabwala zake, ndipo masiku oyamba ankandipatsa madzi osamba mwaulemu wa mlendo. Mwana anabisala kuseri kwa chitenje cha mayi ake. Atamuuza kuti awa ndi adadi, anapukusa mutu n'kuloza foni imene inali m'dzanja langa. Sindinamukakamize. Ndinadziwa kuti ngongole ya masiku imabwezedwa ndi masiku.

Ku Dedza ndinapita patatha sabata. Lemani anandichingamira pa Linthipe n'kundikweza pa kabaza wake. Mayi Eneresi ndinawazindikira ndisanauzidwe, mphumi inali yomweyo, kungoti iwo anali aafupi. Titalonjerana anandiyang'ana ndi diso lakuthwa.

"Ndinu amene munandiliritsa pachabe?"

"Ndine, mayi. Pepani."

Ndinapereka phukusi ndi manja awiri. Anamasula pang'onopang'ono. Nsapato anaziika pamiyendo osaziyesa, duku analitambasula n'kuliyang'ana kudzuwa. Sanalire. Lemani anali atandiuza m'njira kuti ngakhale tsiku la uthenga weniweni sanagwetse msozi, anangolowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

"Lemani, tandionetsa chithunzi cha amalume ako."

Lemani anatsegula chidziwitso cha maliro chija, chakuda, cha kandulo. Mayiwo anakankha foniyo ndi kuseri kwa dzanja.

"Osati ichi. Pakuda ndinawalira kale. Ndikufuna choyera chija, chimene ndinachikana."

Ndinatenga foni ya Lemani n'kutsegula tsamba loyamba lija. Linatuluka loyera monga ndinalikhomerera, bambo Mbewe ali chilili ndi jekete lawo, chipewa pachifuwa. Mayi Eneresi anapukuta galasi la foni ndi nsonga ya duku latsopanolo, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Pansipa analemba kuti chiyani paja?"

"Akuti achibale aimbe nambala iyi," anawerenga Lemani.

"Imba."

"Amayi, nambalayo ndi ya alendowa. Ali pompano."

"Ndikudziwa. Ndati imba."

Lemani anandiyang'ana, ine ndinagwedeza mutu. Nambala ya ku Harare ija ndinali ndikuigwiritsabe ntchito pa mafoni a pa intaneti. Anaimba, ndipo foni inayamba kulira m'thumba la malaya anga. Ndinapisa dzanja kuti ndiizimitse.

"Isiyeni ilire," anatero mayiwo. "Ndinayenera kuimba tsiku lomwe lija. Miyezi yonse ija ndinaitaya ndekha."

Anaphimba nkhope ndi duku lachikasu lija, mapewa akugwedezeka. Misozi imene analumbira kuti inatha ija inali isanathe. Foni inapitiriza kulira pachifuwa panga, ndipo ine ndinaona geti la ku Highfield, ndi mkulu wamtali ataima pamenepo kudikira kuti nditsike kombi.

"Yalira, bambo," ndinatero chapansipansi.